Maso a Nkhono ndi Makina Oonera Nsomba

Makolo amene anati kuona maso a nkhono n'kudekha ankalankhula kwa anthu amene analibe batire, ndipo m'badwo wa lero umakhulupirira kuti munthu wa ndalama angathe kugula makina oti azidekha m'malo mwake. Umboni wa chikhulupiriro chimenechi ndi makina oonera nsomba pansi pa madzi, amene abale awiri a banja la Furuno anayamba kugulitsa ku Nagasaki, m'dziko la Japan, mu 1948, ndipo masiku ano amakopa mwini boti amene watopa ndi kufunsa akuluakulu kumene kwasonkhana utaka.

Ntchito yonse yagona pa transducer, kachipangizo kakang'ono komangirira kumbuyo kwa boti, kamene kamatumiza phokoso pansi pa madzi n'kumvetsera likamabwerera. Popeza phokoso limayenda mamita pafupifupi 1,500 pa sekondi imodzi m'madzi, makinawo amadziwa kuya powerengera nthawi imene latenga, ndipo nsomba imaululidwa ndi kathumba ka mpweya ka m'mimba mwake, kamene kamabweza phokoso kuposa mnofu. Ngakhale pamene nyanja ya Malawi yazama mamita pafupifupi 700, phokosolo lingapite ndi kubwerera sekondi isanathe, koma kumangirira kachipangizoko moyenera kumadya tsiku lathunthu, ndipo apa m'pamene nkhono imayamba kuseka.

Mdani wamkulu wa transducer ndi thovu, chifukwa mpweya umatsekereza phokoso, choncho kachipangizoko kayenera kukhala kutali ndi pulopela, pamalo pamene madzi amadutsa mwabata, kunsi kwake kutatsikira mamilimita ochepa kupitirira pansi pa boti, ndiponso katayang'ana pansi osapendekeka. M'boti la fibreglass kangathe kumatidwa m'kati, koma m'boti la matabwa njira imeneyi siigwira, popeza thabwa limameza phokoso lisanafike m'madzi. Munthu waphuma, amene amaona pepala la malangizo ngati mwano, amaboola asanayeze, ndipo akazindikira kuti makina akuchita khungu boti likangothamanga, amaboolanso penapake, mpaka kumbuyo kwa boti kutafanana ndi sefa ya ufa. Bowo lililonse lotere limakhala kunsi kwa madzi ndipo limafuna zomatira zimene ziyenera kupatsidwa nthawi youma, koma mwini wake amakankhira boti m'nyanja madzulo omwewo, kotero kuti chinthu choyamba chimene makina atsopano amamuthandiza kupeza ndi chitini chokapira madzi.

Nthambo nayo ili ndi mwambo wake, chifukwa ikayalidwa pafupi ndi mawaya a injini imatola chisokonezo cha magetsi, ndipo pa sikirini pamadzaza timadontho timene mwini boti amatitenga ngati khamu la usipa. Pamenepo anyamata amalamulidwa kuponya chilimira, amakoka mpaka msana kuwawa, ndipo amabwerera chimanjamanja atathamangitsa nsomba zimene zinabadwira m'mapulagi a injini.

Ngakhale zonse zitamangidwa bwino, nsomba imaoneka ngati kachizindikiro kokhota ngati uta makamaka pamene boti likuyenda pang'onopang'ono pamwamba pake, zimene zikutanthauza kuti wogula injini yamphamvu ayenera kuiyendetsa mwaulesi kuti aone chimene anawonongera ndalama. Makinawo salemba dzina la nsomba, choncho kusiyanitsa chambo ndi kampango, kapena khamu la utaka ndi mwala, kumafuna munthu amene akudziwa nyengo, mphepo ya mwera ndi malo, ndipo munthu wotereyu nthawi zambiri amakhala mkulu yemwe uja amene makinawo anagulidwa kuti asamafunsidwenso. Mkuluyo amaitanidwa mwaulemu, amapatsidwa malo abwino m'boti, ndipo amayang'ana mitambo nthawi yonse imene mwini boti akuyang'ana sikirini. Kugombe, amayi ogula nsomba amadikira ndi mabeseni awo, ndipo palibe mmodzi mwa iwo amene amalipira nsomba imene yangooneka pa chithunzi.