Makilo 34 pa mchenga wa ku Nguwo

Mwera unawomba usiku wonse, choncho maboti anachedwa kukocheza. Pa Nguwo, ku Senga Bay, maboti akachedwa anthu amangokhala pa mchenga ndi mabeseni opanda kanthu, ntchito n'kutsala ya pakamwa. Ine ndinakhala pa bwato lakutha, maso ali ku chilumba cha Namalenje, makutu ali kumbuyo kumene amayi atatu ogula usipa ankacheza m'munsi mwa thandala.

"Ndikukuuzani achemwali, anamudula chifu. Chifu chenichenicho. Ku India."

Wolankhulayo anali mayi wachikulire wa duku lofiira. Ankanena za mwana wa mng'ono wake, amene amagwira ntchito mu ofesi ku Lilongwe.

"Kalanga ine! Ankadwala chiyani?"

"Kunenepa."

Bambo wina amene ankasoka chilimira chapafupi anaika ukonde pansi kuti aseke bwino. "Ife tikugona pa nyanja kusaka choika m'mimba, wina akukwera ndege kukachepetsa mimbayo. Amayi, mukanamubweretsa kuno adzakoke nafe khoka mwezi umodzi, ndalamazo n'kutipatsa ife."

Nanenso ndinaseka, ndisaname. Mayi wa duku uja sanaseke. Anati mwanayo ndi wamfupi ngati iyeyo, koma sikelo inkawerenga makilo 120. Mawondo ankatupa, shuga anali atamulowa, BP osatsika, ndipo usiku ankagona chotsamira chifukwa akagona chagada mpweya unkabanika. Bambo uja anatolanso ukonde wake mwakachetechete.

"Tsono chomwe chikumuliza ndi ichi. Papita chaka ndi miyezi inayi, sikelo yaima pa 86, sikusunthanso. Iye ankaganiza kuti abwerera pa 60 pamene anali ali ku sekondale. Akuti madokotala aja anangomudyera ndalama."

"Sanamudyere."

Anali mayi wachitatu, wamagalasi, amene nthawi yonseyi anali chete. Anzake ankamuitana kuti anamwino, ndipo ndinamva pambuyo pake kuti anapuma ntchito ya m'chipatala, pano amaoda usipa wotumiza ku Lilongwe. Anatola kabango n'kusalaza mchenga ndi chikhatho.

"Mwati ndi wamfupi ngati inu? Tinene kuti mamita 1.6. Munthu wa msinkhu umenewo sayenera kupitirira makilo 64. Iye anali ndi 120. Chotsanipo 64, atsala 56. Amenewa ndiwo makilo owonjezera, katundu amene thupi silinamupemphe. Dokotala akanena kuti udzataya magawo 60 pa 100 alionse, amanena za 56 ameneyu. Odwala ambiri amamva ngati akunena za thupi lonse."

Analemba 34 pa mchengapo, n'kuizunguliza. "Chotsani 34 pa 120. Mwapeza zingati?"

Mayi wachiwiri, amene tsiku ndi tsiku amawerenga ndalama za zidebe za usipa osagwira cholembera, anayankha msanga. "86."

"Ndiye wadyeredwa pati?"

Masamu a namwinoyu ndi omwenso amapezeka m'mabuku a madokotala. Opaleshoniyi amaitcha sleeve gastrectomy, ndipo ambiri amene achitidwa amataya pakati pa magawo 50 ndi 70 pa 100 alionse a kulemera kowonjezera kuja, m'miyezi 12 mpaka 18 yoyambirira. Tikawerengera thupi lonse, ndi magawo 25 mpaka 30 pa 100. Kwa munthu wa makilo 120, zimenezi sizikwana n'komwe thumba limodzi la chimanga la makilo 50. Ena amapitirira pamenepo, ena safikapo, makamaka amene anayamba ali olemera kwambiri kapena ali ndi shuga wa nthawi yaitali. Ndipotu chiyambi chake opaleshoniyi sinali yomalizira ntchito. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, madokotala monga Michel Gagner ku New York ankaichita ngati gawo loyamba kwa anthu onenepa koopsa, kuti atsikeko kaye asanawachite ina yaikulu. Ataona kuti ambiri akutsika mokwanira ndi gawo loyambalo, inayamba kuchitidwa payokha.

"Koma amadula bwanji, amang'amba mimba yonse?" anafunsa bambo wa ukonde, tsopano mofatsa.

Namwino anati amaboola timabowo tingapo pamimba, n'kulowetsa kamera ndi zipangizo. Amachotsa pafupifupi magawo anayi mwa asanu a chifu, chotsalacho chimakhala chowonda ngati nthochi. Poyamba chimalandira chakudya chongokwana theka la botolo la Fanta. Mbali yochotsedwayo ndi imenenso imapanga kwambiri ghrelin, mthenga wa m'magazi amene amauza ubongo kuti njala yafika, n'chifukwa chake miyezi yoyamba munthu amatha kuiwala kuti sanadye. Chimene achotsacho sabwezeretsanso.

"Ndipo mukamuuze kuti 86 ameneyo amusamale," anawonjezera. "Pakapita zaka ziwiri zitatu chifu chimatanukako, njala imabwerera, ambiri amakwerako makilo angapo. Nsima chifu chaching'onocho chimaikana, koma tiyi wa shuga masupuni anayi, Sobo, thobwa lotsekemera, zimenezo zimangodutsa ngati madzi m'ngalande." Anatchulanso chilungulira chimene chimavutitsa ena, ndi mapiritsi a ayironi ndi vitamini B12 amene munthu amamwa moyo wake wonse.

"Nanga shuga uja?"

"Jakisoni anasiya, watsala ndi piritsi limodzi," anatero mayi wa duku, ngati akunena nkhani yaing'ono. Kwa ine pamenepa mpamene panali phindu la ndalama za ku India zija, koma palibe anaimapo. Mtima wa mayiyu unali pa zina.

Anatsitsa mawu, moti ndinachita kupendekera. Mwanayo anabwera ku maliro kumudzi patangotha miyezi isanu chichitireni opaleshoni. Masaya atalowa, chitenje chikuzungulira kawiri, tsitsi likuthothoka. Atamupatsa nsima anadya mbamu zitatu n'kusamba m'manja. Ku siwa amayi anayamba kukodolana. Pofika madzulo, gogo wina anamuitanira kuseri n'kumuuza kuti mwanawe usachite manyazi, masiku ano mankhwala aliko, pita ukayezetse.

Namwino anati kuthothoka kwa tsitsi n'kodziwika, kumabwera pakati pa mwezi wachitatu ndi wachisanu ndi chimodzi thupi likamatsika mothamanga, kenako limameranso. Zoona zimenezo. Koma gogo uja sindingamudzudzule. Aliyense amene anali m'mbali mwa nyanja ino zaka za m'ma 1990, ma ARV aulere asanayambe m'zipatala za boma mu 2004, akudziwa chimene kuwonda mwadzidzidzi ndi tsitsi lopepuka zinkatanthauza. Madoko a asodzi anaika anthu ambiri. Kuchokera nthawi imeneyo thupi lodzadza lakhala ngati kalata yochokera kuchipatala yonena kuti uyu ali bwino, kuwonjezera pa ulemu wakale uja woti mkazi wonenepa ndi wosungidwa bwino ndipo mwamuna wa mimba ndi bwana. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo wa 2015 ndi 2016 anapeza kuti amayi 21 pa 100 alionse a zaka 15 mpaka 49 anali olemera mopitirira muyeso, pamene ana 37 pa 100 osakwana zaka zisanu anali opinimbira. Ziwiri zonsezi mukhoza kuziona pa Nguwo pompa m'mawa umodzi, nthawi zina pa mkeka umodzi. Dokotala wa ku India anamuuza mwanayo za phala lamadzimadzi la masabata oyamba ndi za kutafuna pang'onopang'ono. Za amayi a ku siwa analibe pozidziwira.

"Loweruka akubwera ndi bambo a kunyumba kwake," anatero mayi wa duku. "Ndimuphikire chiyani, anamwino?"

"Nsomba. Ayambe kudya nsombayo, nsima ibwere pambuyo, pang'ono. Madzi asamwere pa chakudya, adikire theka la ola. Ndipo musamukakamize."

"Mlendo pakhomo panga, mtanda wa nsima n'kubwerera kukhitchini wosagwidwa? Anthu adzati ndamumana ndiwo."

Boti loyamba linali litafika pa mchenga, anyamata akulikoka, amayi akuthamangira ndi mabeseni. Usipa unali wochepa ndipo mtengo unayamba kale kukwera anthu asanaone n'komwe m'botimo. Mayi wa duku sanalowe nawo mu mkanganowo. Anapita kwa mnyamata amene anatsika ndi kampango mmodzi m'manja, ananenerera mpaka mnyamatayo anagonja, n'kubwerera atanyamula nsombayo pa chingwe.

"Wa msuzi wake uyu," anauza namwino. "Tidzadyera m'nyumba, chitseko chotseka. Nsima yake yotsalayo ndidzamaliza ine, mbale ituluke yoyera."