Ufa wa dipatimenti

Pa yunivesite ina ya kumpoto kwa England, komwe ndimagwira ntchito ya ukalaliki mu dipatimenti ya sayansi, kugula bokosi la magolovesi kunali chintchito: kulemba fomu, kusakasaka abwana kuti asaine, kudikira nambala ya oda. Ndiye atandipatsa khadi ya Visa yogulira tinthu ta tsiku ndi tsiku, dzina langa litalembedwa pansi pa dzina la yunivesite, mapewa anakwera.

Malamulo anandiwerengera, sindingawanamizire. Khadi yanga isapitirire mapaundi 500 pogula kamodzi. Osadula mtengo pawiri pofuna kuzemba malirewo. Osagulira zapakhomo. Lisiti lililonse lisungidwe, losonyeza VAT, yomwe kuno ndi 20 peresenti. Ine ndinkangogwedeza mutu, maso ali pakhadi.

Poyamba zinayenda. Inki ya printa, mabatire, mapepala, zonse zinkafika mawa lake. Kenako ku labotale kunafunika sikelo ya mapaundi 640. Makina anaikana khadi. Nzeru zinandibwerera, zija zobwera munthu akamalowera kuphompho, ndipo ndinapempha wogulitsa kuti adule kawiri, 320 ndi 320. Zinatheka! Ndinatuluka ndikudziyamikira. Lisiti ndinalipinda n'kuliponya m'thumba la buluku.

Madzulo ena chilakolako cha nsima chinandigwira. Ndinaitanitsa pa intaneti ufa wa makilogalamu 10 ndi kapenta, osazindikira kuti foni inasunga nambala ya khadi ya kuntchito n'kuiika patsogolo pa yanga. Chala chinangodina.

Kutha kwa mwezi banki imatumiza mndandanda wa zonse zogulidwa, ndipo mzere uliwonse umafuna lisiti lake. Langa la sikelo ndinalipeza litakwinyika ngati mfutso. Ndinati munthu wolongosoka sapereka pepala lotere ku ofesi ya zachuma, ndiye ndinayatsa simbi. Abale, mapepala a malisiti salembedwa ndi inki, amalembedwa ndi kutentha. Kungogunda kamodzi, lonse linada bii.

Mayi a ku akaunti sanakweze mawu, n'chimene chinandipweteka kwambiri. Anayala mndandanda patebulo, naloza ndi cholembera 320 ziwiri zija, sitolo imodzi, mphindi imodzi. Anayang'ana kapepala kakuda kaja nthawi yaitali. Atatero anatsikira pamzere wapansi.

"Bambo, dipatimenti yanu ikufufuza chiyani ndi ufa wa chimanga?"

Ndinayamba kufotokoza za nsima, mmene imaphikidwira, mpaka za mthiko, ngati kuti akamvetsa kukoma kwake mlandu utha. Anamvetsera mwaulemu mpaka kumapeto, kenako anatambasula dzanja kuti ndiwapatse khadi.

Ndalama za ufa ndinabweza tsiku lomwelo, ufawo titaudya kale theka. Anandilembetsanso maphunziro a kagwiritsidwe ntchito ka khadi, limodzi ndi antchito atsopano. Panopa magolovesi akatha ndimalemba fomu, ndipo abwana ali patchuthi mpaka Lolemba.