Youma kapena yonyowa?

Petulo amukwezanso. Masiku ano mtengo amaupenda mwezi ndi mwezi, moti mwezi ukamatha anzathu akudikira malipiro, ife a magalimoto timadikira chilengezo. Corolla yanga, yomwe inachoka ku Japan itatopa kale, ndimaimwetsa wa K100, singano ya geji osagwedezeka n'komwe.

Mkati mwa mavuto amenewa mphwanga, makanika wa ku Shikoswe kuno ku Kafue, yemwe mafilimu a Fast and Furious anamulowa m'magazi, wabwera ndi nzeru. "Malume, tiikemo nitrous m'galimotomu. Inu mungosankha, youma kapena yonyowa?"

Akuti ndi botolo la mpweya wa nitrous oxide lomangirira m'buti. Ukadina batani, mpweyawo umalowa mu injini, ukatentha umasweka n'kutulutsa okosijeni woposa wa mumphepo wamba. Okosijeni akachuluka, petulo wambiri amapsa nthawi imodzi, galimoto n'kufwamphuka. Pa youma, nozzle imapopera mpweya wokha, petulo woonjezera amatumiza ndi ma injector akauzidwa ndi kompyuta ya galimoto. Pa yonyowa, mpweya ndi petulo zimalowera limodzi pa nozzle yomweyo.

"Ndiye kuti zonsezo zikufuna petulo woonjezera?"

"Eya, malume."

Ndinasankha youma, pakuti kumeneko n'kwathu. Thanki ndi youma. Thumba ndi louma. Nsima ya pa 20 mwezi ndi youma, timaitsitsa ndi mchere ndi pemphero. Mpopi wa kunyumba ndi wouma, chonsecho mtsinje wa Kafue ukudutsa chapompano, wodzaza bwinobwino. Chilala cha 2024 chinaumitsa Kariba, magetsi n'kuuma nawo. Ngati alipo Mzambia woyenera satifiketi ya zouma, ndine.

Mnyamata anapukusa mutu. Akuti youma ikaperewera petulo, moto umakula mu injini mpaka ma piston kusungunuka. Mwamva? Ngakhale youma ikufuna mwini wake wonyowa m'thumba.

Chabwino, yonyowa. Nayo akuti petulo amatha kudikha mu manifold, kenako phuu! moto kubwerera kumbuyo, boneti m'mwamba. Mayi a kunyumba, omwe ankamvetsera akusadzula ndiwo, anati m'galimotomo yonyowa ilimo kale: mpando wakumbuyo, dzinja lililonse, chifukwa cha galasi lomwe ndakhala ndikulonjeza kukonzetsa.

Nanga liwirolo ndikalithamangira kuti? Ku Lusaka ndi makilomita pafupifupi 45. Ndidina batani, ndiuluka masekondi khumi, ndikaima pa toll gate ya Shimabala kufufuza ndalama m'matumba, kumbuyo kwa thiraki yochokera ku Chirundu. Ndikafika ku Makeni, magalimoto atathithikana, munthu wogulitsa nthochi wandipitirira wapansi.

Chimene chinandikhala pakhosi n'china. Nitrous oxide amaipanga potenthetsa ammonium nitrate, yomwe fakitale ya Nitrogen Chemicals of Zambia inayamba kupanga konkuno ku Kafue mu 1970. Tawuni ino inakulira pamenepo ndi pa Kafue Textiles. Nyumba za ku Estates zija munkakhala anthu olawirira ku shifiti, odziwa makina ndi mankhwala. Mwana wamutu ngati mphwangayu, amene amakuuza za okosijeni osatsegula buku, kalero akanavala ovolosi n'kumalandira malipiro mwezi ukatha. Lero sayansi yake akuitola m'mafilimu ndi pa YouTube, pansi pa mtengo wa mango, kasitomala wake wamkulu ndine, malume olipira ndi zikomo. Zimenezi sizindiseketsa, olo mutandinunkhiza botolo lonselo, lomwe paja madokotala a mano amadziwa kuti limaseketsa.

Tagwirizana motere. Botolo aika, tachita kubwereka lozimitsira moto, talipaka buluu. Pa galasi lakumbuyo pamatidwa sitika ya nitrous yolembedwa NOS. Mkati mwa botolomo mulibe mpweya, mulibe petulo, mulibe chilichonse. Mphwanga akuti mu Kafue yense palibe youma yoposa imeneyi.