Kusankha lezala molakwika: malangizo kwa oyamba kumene

Gulani katoni yathunthu. Malezala akuthwa konsekonse aja, omangira pa chometera chachitsulo, amabwera asanuasanu kapena khumikhumi m'timapaketi, koma palinso katoni ya malezala 100, ndipo imeneyo ndiyo yanu, makamaka ngati mtunduwo simunaumeterepo chibadwire. Pogula chonchi mtengo wa lezala limodzi umatsika kwambiri, moti mukadzazindikira m'mawa woyamba kuti lezalalo ndi khungu lanu sizimwerana madzi, mtima udzakhala pansi pokumbukira kuti 99 otsalawo munawapeza motchipa. Ogulitsa ena a pa intaneti, ku Britain, ku South Africa ndi kwina, amalongedza timapaketi ta mitundu yosiyanasiyana m'phukusi limodzi kuti munthu ayese uwu ndi uwo mpaka apeze womuyanja. Amenewo muziwalambalala. Munthu akayesa mitundu ingapo amayamba kudziwa chimene nkhope yake ikufuna, ndipo akafika pamenepo ntchito yathu ino yawonongeka.

Mtundu wake musankhe pomvera munthu wina, ndipo munthuyo akhale wa ndevu zosiyana ndi zanu kotheratu. Ngati zanu ndi zopotana, zolimba, zomera mothithikana, pezani pa YouTube mzungu wa ndevu zowongoka, zapatalipatali, amene wakhala akumeta ndi chometera chotere kuyambira unyamata wake, ndipo chimene iye watama chikhale lamulo. Kawirikawiri adzatama Feather. Malezala amenewa amapangidwa ku Seki, m'dziko la Japan, mzinda umene wakhala ukusula malupanga kwa zaka mazanamazana, ndipo ometa ambiri amavomerezana kuti pa kuthwa alibe anzawo ambiri. Wodziwa kumeta amayendetsa lezalali mopepuka, ndevu n'kumayoyoka zokha. Inuyo simunadziwebe, ndiye nthawi yabwino ndi inoyo. Limangeni pa chometera cha mano, chonga Mühle R41 cha ku Germany, chimene chimasiya mbali yakuthwa ya lezala poyera ndithu, osati zofatsa zija za Merkur 34C kapena Edwin Jagger DE89 zimene oyamba kumene amalangizidwa. Lezala lakuthwa chonchi silikoka ndevu, choncho silichenjeza. Mumangoona thovu layamba kufiira.

Ngati magazi mumawaopa, pali njira ina yofikira komweko. Tengani lezala lofatsa, monga Derby la ku Turkey, mulimange pa chometera chofatsanso, mukalimbane nalo ndi ndevu za sabata yathunthu. Likayamba kukoka, kanikizani. Likakakamira, bwerezani pamalo pomwepo mpaka thovu lithe, ndipo likatha pitirizanibe. Njira iyi sicheka kwenikweni, imapala, ndipo ululu wake umabwera mwaulemu, mutakwera kale minibasi.

Mawu a pa pepala lokutira muziwakhulupirira onse. Pakalembedwa Platinum dziwani kuti mwagula chuma, ndipo musalole wina akuuzeni kuti ndi kautoto kosaoneka ndi maso, kopakidwa m'mphepete mokha mwa chitsulo chimene nachonso kuchindikala kwake ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a milimita. Pakalembedwa Super, ndiye kuti likuposa lopanda Super. Pakajambulidwa nyama yolusa, ng'ona ya pa Nacet kapena shaki ya pa Shark, mphamvu za nyamayo zili m'katimo. Manambala 1, 2, 3 ndi 4 amene amadindidwa pa malezala ena ndi a kufakitale, owathandiza okha pa ntchito yawo, koma inu muziwatenga ngati umboni woti lezala limodzi lili ndi malezala anayi m'kati mwake.

Ndi bwinonso kukhala ndi mtundu umodzi woufera ndi wina wodana nawo, n'kumakangana ndi anzanu mpaka kusiya kupatsana moni. Astra, Nacet, Perma-Sharp ndi Gillette Silver Blue kwa zaka zambiri ankatuluka m'fakitale imodzi ya ku St Petersburg, ku Russia, ndipo Lord ndi Shark ndi a kampani imodzi ya ku Alexandria, ku Egypt. Zimenezi musazitchule pa mkangano. Kanoledwe ndi utoto wake zimasiyanadi pang'ono, ndipo pang'ono pamenepo m'pokwanira kudanirapo ndi mlamu wanu.

Chenjerani kwambiri ndi malezala a mtengo wapakatikati ndi otchipa enieni, a Super-Max a ku India, a Treet a ku Pakistan, a Dorco a ku Korea, komanso alionse amene amapezeka pa okala ya pafupi ndi kwanu. Ngozi yake ndi yakuti amuna ambirimbiri amameta nawo bwinobwino osavulala konse. Ine ndimaona kuti apa m'pamene anthu ofunitsitsa kulakwitsa amagwa mphwayi: amagula kapaketi kamodzi mongodutsa, kamawayanja, basi nkhani yonse n'kuthera pomwepo. Kuti zimenezi zisakuchitikireni, gulani lodula kwambiri chifukwa chongoti ndi lodula, kapena funani lija lotchipa modabwitsa, la zilembo zosaoneka bwino ndi dzina losowa chilembo chimodzi. Malezala achinyengo alipo, ndipo sakhumudwitsa: m'paketi imodzi limodzi limacheka, lina limazula.

Tsiku loyesa lezala latsopano, sinthaninso sopo, burashi, chometera ndi nthawi yometera. Mukatupa simudzadziwa wolakwa, ndipo mudzakhala ndi ufulu wonamizira aliyense. Anthu osamala amasintha chinthu chimodzi n'kusiya zina zonse mmene zinalili, amameta kangapo ndi mtundu umodzi asanauweruze, ena mpaka amalemba m'kope. Moyo wotero ndi wotopetsa.

Tsopano tifike pamene ife a ndevu zopotana tili ndi mwayi woposa anzathu. Tsitsi lopotana limatuluka m'khungu mopendekeka ndipo limapinda pokula. Mukalidula pafupi kwambiri nsonga yake imasongoka, ndiye pomeranso imakhota n'kubaya khungu, kulowanso m'kati, kapena imakulira cham'mbali isanatuluke n'komwe. Thupi limaona tsitsi lake lomwe ngati mdani, limatupa, n'kubala ziphuphu zija za pansi pa chibwano ndi m'khosi, zimene madokotala amazitcha pseudofolliculitis barbae. Zimagwira kwambiri amuna akuda, moti ngakhale m'magulu a nkhondo a ku America, kumene kumeta ndi lamulo, kwa zaka zambiri madokotala ankalembera asilikali ena makalata owalola kusunga ndevu zazifupi. Amuna ambiri amathawira ku lezala limodzi chifukwa cha vuto lomweli. Zometera za malezala atatu kapena asanu zija, lezala loyamba limakoka tsitsi, lotsatira n'kulidula, ndipo tsitsilo likabwerera limakathera pansi pa khungu. Lezala limodzi, loyendetsedwa motsata kumene ndevu zagonera, limadula pamtunda, ziphuphu n'kuchepa.

Phindu limeneli mukhoza kulifafaniza m'mawa umodzi wokha. Kokani khungu ndi zala mpaka lithine gwa, metani mobwerera, kuchokera m'munsi kukwera m'mwamba, ndipo musaleke mpaka chala chikamadutsa chizimva see. Musavutike n'kusiya ndevu masiku awiri kuti muziyang'anitsitse pagalasi, poti mungatulukire zinthu zosokoneza: kuti za patsaya zimaloza pansi, za m'mbali mwa kholingo zimapita cha kukhutu, ndipo penapake pansi pa nsagwada pali kamalo kochepa pamene zimazungulira ngati kamvuluvulu. Wodziwa kamalo kameneka amakadutsa kamodzi, mopepuka, n'kukasiya. Inu kadutseni kuchokera mbali zonse. Pakatha masiku awiri kapena atatu mudzaona timapiri tating'onoting'ono tonyezimira, tina ta mafinya kunsonga, ndipo mukayandikitsa nkhope pagalasi mudzaona katsitsi kakuda katapinda pansi pa khungu. Katumbuleni ndi pini, mukatero metaninso pamwamba pomwepo, poti ndevu sizidikira bala. Zikapola zimasiya mawanga akuda, ndipo kwa amuna ena zimasiya zipsera zotukuka zimene sizichoka. Amenewo ndi amene anatsata malangizo ano mokhulupirika.

Madzi musawapatse mpata. Ndevu zikanyowa mphindi ziwiri kapena zitatu m'madzi ofunda zimafewa kwambiri, ndipo pafupifupi lezala lililonse limaoneka labwino, zimene zingakusokonezeni poweruza. Metani musanasambe. Sopo akhale wochapira zovala, ndipo ngati madzi anu ndi a pa mjigo wamchere, kapena a pampopi wa ku London amene nawonso amakaniza sopo kuchita thovu, musalimbane ndi burashi, ingopakani kamadzi koyererako. Odziwa amapendeketsa lezala pafupifupi madigiri 30 n'kusiya kulemera kwa chometera kugwire ntchito. Inu liimikeni chilili, mphamvu muli nazo.

Lezala silitayidwa. Pamene King Camp Gillette anayamba kugulitsa zometera za malezala otaya mu 1903, chaka chonse anagulitsa zometera 51 ndi malezala 168 okha. Amuna a nthawi imeneyo anazolowera lumo lonolera pachikopa, lokhala zaka, ndipo zotaya chitsulo zinali zachilendo. Anadzagonja pambuyo pake, makamaka pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, asilikali a America atagawiridwa zometerazi mamiliyoni. Inu musagonje. Ambiri amataya lezala akangomva kuti layamba kukoka, kawirikawiri sabata isanathe, koma inu dikirani dzimbiri. Ofufuza a pa yunivesite ya MIT anaonetsa mu 2020 kuti tsitsi, ngakhale ndi lofewa kuwirikiza pafupifupi ka 50 poyerekeza ndi chitsulo cha lezala, limabenthula timagawo tating'onoting'ono m'mphepete mwake, makamaka likamapindika podulidwa. Ndiye lezala lakale sikuti langobuntha chabe, lamera mano. Mano amenewo munawalipira, agwiritseni ntchito.

Likafika posadula ndi pang'ono pomwe, linoleni. Akale ankalipekesa m'kati mwa tambula yagalasi, ndipo pa malezala a chitsulo chakale chija ena ankati zimathandiza. Chitani chimodzimodzi ndi amakono. Chiyambire 1962, pamene Wilkinson Sword inatchuka ndi malezala osachita dzimbiri okutidwa ndi PTFE, mankhwala omwe aja amapakidwa m'mapoto osamatirira, kuterera kwa lezala kumadalira kautoto kameneko, ndipo tambula imakachotsa bwino kwabasi. Kupukuta mbali yakuthwayo ndi thaulo nakonso kumathandiza, pa lezala ndi pa chala pomwe. Ofuna njira yosatopetsa atsate Karel Drbal wa ku Czechoslovakia, amene mu 1959 boma la kwawo linamupatsa chikalata cha umwini wa kabokosi kooneka ngati piramidi ya ku Egypt. Iye ankati lezala ukaligoneka m'menemo limabwerera kuthwa lokha. Umboni woti zimatheka palibe, koma zipangizo zake ndi zotchipa, ndipo lezala silidandaula.

Makolo anati mnzako akapsa ndevu m'zimire. Zobwerekana lezala sananene, koma mtima wake ndi womwewo. Lezala limodzi likwanire inu, mng'ono wanu ndi mlendo wogona usiku umodzi. Masana liwenge zikhadabo, lisongole pensulo ya mwana, lisole msoko wa thalauza, madzulo libwerere pa chometera. Kachilombo ka hepatitis B kamakhalabe ndi mphamvu m'magazi ouma kwa masiku 7 kapena kuposerapo, choncho ngakhale mlendoyo anatsanzika sabata yatha, mwina sanapite yense.

Tsiku limene mudzalisiye ndithu, musaliponye m'kachitini kotsekeka monga amachitira amantha. Lisiyeni pazenera la bafa, pamene mwana angafikire. Ku America nyumba zambiri zakale zinali ndi kampata kuseri kwa kabati ya m'bafa, koponyamo malezala otha kuti azigwera m'kati mwa khoma, ndipo amisiri akamagumula makoma amenewo masiku ano amapeza mulu wa malezala adzimbiri. Kumeneko vutolo ankasiyira zidzukulu. Inu palibe chifukwa chodikirira nthawi yaitali choncho.

Mukamaliza kumeta, musayandikire madzi ozizira kapena mwala wa alamu umene umaletsa timagazi tating'ono. Thirani sipiliti m'manja, mudzimenye nayo m'masaya, muime kaye mutagwira khoma. Kenako ng'ambani tishu muzimata pa bala lililonse, valani malaya oyera a kolala yolimba, mumange tayi mpaka pakholingo kuti nsalu izikhula pamene lezala linalekera. Katishu kamodzi muiwale kuchotsa. Mayi a kunyumba akakuonani potuluka n'kufunsa kuti, "Bambo a Chikondi, kodi kukhosiko mwatani?" yankhani modekha kuti ndi udzudzu. Akati udzudzu suluma pamzere, auzeni kuti za malezala a ku Japan iwo sangazimvetse.