Pusi akakwera pansanja

Amene anapeka mwambi woti "ichi chakoma, icho chakoma, pusi anagwa chagada" ayenera kuti anali wa kuno kunyanja, ndipo anaupeka mu Disembala mango atapsa. Aliyense amene anamuonapo pusi mumtengo wa mango ku Linga akulidziwa vuto la mnyamatayu. Dzanja lamanja lagwira bango lofiira, lamanzere likutambasukira lachikasu, phazi lakola lachitatu, maso ali pa lachinayi limene lili kunsonga. Chatsala kuti chigwire nthambi ndi mchira, koma apusi a michira yogwira nthambi ali ku South America. Athuwa Namalenga anawapatsa mchira wongotchenera. Mpoto ukangowomba pang'ono mumangomva kuti khu! Miyendo m'mwamba, mango onse anayi akugubudukira kwa ana a mwini mtengo.

Sindikutukwana munthu, ndikungobwereza za akuluakulu. Koma chiyambire 1994 pusi ameneyu anasiya mango. Amadikira masiku 60 amene bungwe la MEC limapereka kuti anthu achite kampeni, n'kukwera pansanja, kapena kutulutsa mutu padenga la galimoto pa msonkhano woimaima, chimkuzamawu chili m'manja.

Tengani shado wa kwathu kuno. Dzina sinditchula, chifukwa alipo ambiri ndipo onse amalankhula ngati anayamwa bere limodzi. Usiku anyamata ake ophunzira, aja oyenda ndi laputopu, amukhazika pansi: "Bwana, mawa nkhani ndi imodzi basi, msewu. Akakufunsani za njala, yankhani za msewu. Akakufunsani za mayi aang'ono aja, msewu." Iye avomera mpaka kulumbira. Kutacha afika pabwalo, ayambadi bwino: "Anthu a ku Nkhotakota, msewu wathuwu..." Asanamalize, diso lagwera asodzi amene aima kumbuyo, maso ali psuu chifukwa achezera pa usipa. Ichi chakoma: aliyense injini ya boti. Atembenuka, aona amayi a nsalu zachipani: ngongole yopanda chikole. Uko kwakhala a shehe: simenti ya mzikiti. Pafupi nawo pali abusa, ndipo abusa sangabwerere chimanjamanja a shehe atalandira: malata a tchalitchi. Achinyamata akuwa, awaponyera bonanza ya mpira ndi njinga zamoto za kabaza. Wina afuula za njovu zimene zimatuluka m'nkhalango kudzazula chinangwa, iye alonjeza kuti akalankhula nazo. Alimi a mpunga, fakitale. Alimi a nzimbe a ku Dwangwa, mtengo wabwino, ngati kuti Illovo ndi ya amalume ake. Dzuwa likamapendeka walonjeza zinthu makumi awiri, koma msewu uja wautchula kamodzi, osamaliza n'komwe.

Mukakumana ndi mayi wochokera kumsonkhanoko n'kumufunsa kuti, "Amayi, anena zotani abwana aja?" yankho limakhala lalifupi: "Nsalu sizinakwane."

Komanso mumtengomo sakhala yekha. Iye asanagwire chimkuzamawu pamayamba kaye gavanala wa dera, gavanala wa boma, gavanala wa chigawo, mkulu wa amayi, mkulu wa achinyamata, ndi munthu wina amene palibe akudziwa udindo wake koma anabwera ndi jenereta. Aliyense wanyamula uthenga wake. Wina akubwezera chipongwe cha pa mapulaimale. Wina akudzigulitsa kuti akamuganizire ukazembe. Wachitatu, mutu utatentha ndi nthungululu za amayi, atukwana mtundu wa munthu wa chipani china, ndipo mwa maola anayi a msonkhano wonse, masekondi 30 amenewo ndi amene afike pa WhatsApp ya dziko lonse dzuwa lisanalowe. Mawa lake mneneri wa chipani ali pa wailesi kufotokoza kuti bwana uja amalankhula payekha. Kandimverere anakanena za m'maluwa.

Ndikanakhala mlangizi wa chipani, sindikanawononga ndalama kuitanitsa akatswiri ku Lilongwe. Ndikanamutenga bwanayo m'mawa n'kukamukhazika pa depoti ya paboma kuti aonerere woitanira minibasi. Mnyamata uja ali ndi liwu limodzi: "Dwangwa! Dwangwa! Dwangwa!" Sakuuzani za mipando, za matayala, kapena mbiri ya dalaivala. Mukamufunsa ngati aima pa Liwaladzi, akuti, "Dwangwa, kwerani madala." Ndipo galimoto imadzaza. Ku America anachita kulemba munthu ntchito kuti atulukire nzeru yomweyi. Mu 1992 James Carville, amene ankayendetsa kampeni ya Bill Clinton, anapachika chikwangwani mu ofesi yawo ku Little Rock chokumbutsa anyamata ake kuti nkhani ndi ya chuma, asasochere. Clinton anagwetsa George Bush wamkulu, munthu amene chaka cham'mbuyo mwake dziko lake linkamuombera m'manja chifukwa cha nkhondo ya ku Gulf.

Nkhotakota inawaonapo amuna a nthambi imodzi. Mu 1863 David Livingstone anakhala pansi pa mkuyu ndi Jumbe, ndipo uthenga wake unali umodzi: lekani kugulitsa anthu. Jumbe anamvetsera mwaulemu, mlendo anapita, zombo zinapitiriza kuwolotsa akapolo kwa zaka zina pafupifupi 30. Kunena chinthu chimodzi sikuthandiza ngati womvera wako amadyera pomwe ukuletsapo. Patapita zaka pafupifupi 100, mu 1960, chipani cha MCP chinachitira msonkhano wake waukulu konkuno, ndipo n'kumene Kamuzu anapatsidwa utsogoleri wa chipanicho wa moyo wake wonse. Pa nkhani yosasintha mawu, mkulu ameneyu analibe mnzake. Kwa zaka zoposa 30 ankanena zomwezomwezo: anabwera kudzaphwanya chitaganya chopusa, anthu ake akhale ndi chakudya, zovala ndi nyumba yosadontha, ngodya zinayi ndi umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo. Womasulira akanatha kumaliza yekha msonkhano, Ngwazi itapita kukapuma. Koma tisamutamande kwambiri. N'kosavuta kukhala pa nthambi imodzi ukadula mitengo ina yonse m'mudzi, n'kuimika apayoniya ndi ayufi pansi pa wotsalawo akufunsa makadi. Mitengo itaphukanso, pa 14 Juni 1993, anthu oposa 6 mwa 10 alionse anasankha nyali kusiya tambala wakuda.

Atcheya mu 1994 anali ndi mango ambiri, koma limodzi analigwira ndi manja awiri: sukulu yaulere. Ana a ku pulayimale anachoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi, ambiri n'kumaphunzirira pansi pa mitengo. Chikhalirecho, chimene anthu amasimba pa bawo mpaka lero ndi nthano ya nsapato, yoti analonjeza nsapato kenako n'kufunsa kuti saizi ya phazi la aliyense akanaidziwa bwanji. Nthano imanenepa ikamayenda, koma bango limene wangolikhudza podutsa ndi limene anthu amakuwerengera.

Bingu ndiye anauonetsa mwambiwu mbali zonse ziwiri. Kuyambira 2005 nkhani yake inali makuponi a feteleza ndi chimanga, ndipo chimangacho chinali pa nsalu ya chipani pomwe, kuti amene sanamve aone. Mu 2009 anakolola mavoti pafupifupi 66 pa 100 alionse. Atatero anaona ngati mtengo wonse ndi wake. Doko la ku Nsanje, ichi chakoma. Mbendera yatsopano, icho chakoma. Kuthamangitsa kazembe wa Britain mu Epulo 2011, chakomanso. Mafuta anasowa, ndalama zakunja zinasowa, ndipo pa 20 Julaye 2011 anthu anafera m'misewu. Pamenepo palibe choseketsa.

Chaka chomwecho ku Zambia, Michael Sata wa chipani cha bwato, chizindikiro chimene mwana wa ku Nkhotakota sangafunse tanthauzo lake, anakakamira za ndalama zambiri m'matumba mwa anthu mpaka anagwetsa Rupiah Banda pa ulendo wake wachinayi. Anawonjezera malangizo aja a Donchi kubeba: landirani zimene akukupatsani, koma amene mudzamuvotere musawauze. Kuno malangizo amenewo sitinafunike kuphunzitsidwa. Lamulo la zipani la 2018 linaletsa kugawa ndalama ndi mphatso pokopa mavoti, koma munthu amadziwa kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno. Ndikudziwa nyumba zimene chingwe choyanikapo zovala chimaoneka ngati Nyumba ya Malamulo: yobiriwira, yabuluu, yachikasu, yofiira, yalalanje, zonse zikuuma mwamtendere pamodzi.

Tsono mwambiwu uli ndi kabowo: sunena kuti pusi amagwa liti. Mgwirizano wa Tonse wa a Chakwera mu 2020 unali wa zipani 9, ndiye kuti pakamwa 9, ndipo mango anali osawerengeka: ntchito 1 miliyoni, kudya katatu patsiku, pasipoti ya K14,000, kulumikiza madzi ndi magetsi ulere, minda ikuluikulu, ulendo wa ku Kenani. Malinga ndi akuluakulu aja, anayenera kugwa chagada pompo. Sanagwe. Pa 23 Juni anapambana ndi mavoti oposa 58 pa 100 alionse, chifukwa pansi pa mango onsewo panali nthambi imodzi yolimba, mkwiyo wa Tipp-Ex wofufutira zotsatira za chisankho chapitacho, ndi chigamulo cha khoti cha pa 3 Febuluwale chothetsa chisankhocho. A Saulos Chilima, Mulungu awuse mzimu wawo, ankaidziwa ntchito imeneyi: mawu atatu, osaopa, osatopa, osafooka, ndipo mwana wa sitandade wanu ankawaloweza tsiku lomwelo.

Koma panali bango lina lokhala ndi nambala: thumba la feteleza pa K4,495. Onani kukongola kwa nambalayo. Si K4,500 ayi, K5 yachenje ilipo. Nambala yotere imalowa m'mutu mwa gogo amene sakumbukira chaka chake chobadwa, ndipo siitulukanso. Chaka choyamba thumba linagulidwadi pa mtengo umenewo. Chotsatira linafika pa K7,500, kenako K15,000, olandira akuchepa, pamene m'sitolo linadzadutsa K100,000. Kwacha inagwa ndi maperesenti 25 mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 mu Novembala 2023. Pofika 2025 boma linali ndi zofotokoza zambiri, ndipo zambiri mwa izo zinali zoona: Covid, nkhondo ya ku Ukraine, namondwe wa Freddy, chilala cha 2024, misewu yatsopano ya mu Lilongwe. Vuto ndi loti munthu akayamba kufotokoza, manja onse awiri amakhala m'mwamba akuloza uku ndi uko.

Mbali inayi a Peter Mutharika, a zaka 85, anachita misonkhano yowerengeka, moti ena ankafunsa ngati akupikisana nawo n'komwe. Uthenga unali umodzi: kumbukirani mitengo ya zinthu nthawi yanga, muyerekeze ndi lero. Sanavutike kuubwereza, chifukwa okala iliyonse ndi mzere uliwonse wa pomwetsera mafuta zinkawachitira kampeni ulere, usana ndi usiku, ngakhale m'maola 48 aja amene lamulo limati aliyense atseke pakamwa. Pa 16 Sepitembala anapeza mavoti pafupifupi 57 pa 100 alionse, a Chakwera 33, ndipo anthu ena 15 amene anali pa pepala lovotera anagawana mkute. Amene akuvina asaiwale kuti uthenga umodzi ndi ngongole imodzi yosavuta kulonjerera. Ukalonjeza zinthu makumi awiri, ungathe kubisala pa zitatu zimene wachita. Ukalonjeza mitengo ya zinthu, wolonjerera ngongole ndi mayi aliyense amene wapita kukagula botolo la mafuta ophikira.

Ndipo kubisala kunatha. Kale munthu ankatha kulonjeza mlatho pa Benga n'kukaukana pa Dwambazi tsiku lomwelo, nkhani isanawoloke Bua. Lero mnyamata wogulitsa mayunitsi wajambula zonse, ndipo kanemayo agona m'foni zaka zisanu kudikira tsiku lake.

Chondiseketsa kwambiri n'chakuti m'boma lino alipo amene sanasinthepo uthenga, ndipo si andale ayi. Ndi ovota. Funsani msodzi pa Chia, mayi wogulitsa mpunga wa kilombero m'mbali mwa msewu, dalaivala wa thiraki ya shuga, namwino woperekeza wodwala mu ambulansi. Onse, kwa zaka zambirimbiri, akhala akutchula chilembo chimodzi ndi nambala imodzi: M5. Msewu wopapatiza, wodyeka m'mbali, woti magalimoto awiri akakumana wina ayenera kupepesa n'kutsikira m'fumbi. Msewu umene madzi osefukira a mu 2024 anaudula ku Dwangwa anthu zikwizikwi atasowa pokhala. Anaunena kwa achikasu, anaunena kwa abuluu, kwa alalanje, kwa atambala, popanda laputopu, popanda mlangizi, popanda gavanala wosokoneza. Makontilakita anayambapo zigawo zina, n'zoona, ndipo fumbi la ntchito tinalimeza. Koma ndikawerengera miyala ya maziko imene yavundukulidwa m'dziko muno chiyambire 1994, iliyonse ndi kansalu kake ndi gule wake, ndimaona kuti ataisonkhanitsa n'kuiphwanya ingakwirire maenje onse kuchokera pa Kaphatenga mpaka pa Dwangwa, yotsalayo n'kugawira asodzi azimangira ngati nangula.