Safunsa anadya phula, koma lero ufunsa ndani?

Ambiri a ife mwambi wa Safunsa tinkaumva titalakwitsa kale, khutu lili m'dzanja la agogo. Ine mkuluyu ndimamumvera chisoni, koma osati kwambiri. Anamupatsa chisa cha njuchi, iye n'kutafuna zonse mpaka kumeza, eni mudzi ali pomwepo akumuyang'ana. Akanangoti, “Pepani, kodi izi kuno mumadya bwanji?” nkhani ikanathera pamenepo, ife n'kusowa mwambi. Woti amufunse analipo, ndipo mphamvu ya mwambiwu yagona pamenepa. Umakhulupirira kuti kulikonse kumene ungapite ukapeza munthu atakhala pakhonde, wopanda changu, wokonzeka kukuyankha.

Kale zinalidi choncho. Azigogo athu anafika ku Salisbury ndi ku Johannesburg, kuja ankati ku Joni, ndi pakamwa. Oyenda wapansi ankafunsa njira mudzi ndi mudzi, pomwe olembedwa ndi Wenela, bungwe lija linkatola anthu okagwira ntchito kumigodi ya golide, sankavutika n'cholembera. Kalaliki ankafunsa, kalaliki yemweyo ankalemba, iwe n'kungopereka chala chachikulu kuti achipake inki. Ena anakwera ndege asanalembepo dzina lawo, mpaka mu 1974 pamene ndege ya Wenela inagwa ku Francistown n'kupha Amalawi opitirira 70, Kamuzu n'kuimitsa kaye maulendowo. Kusadziwa kulemba kunkaluma pa kalata. Mwamuna ankapempha mnzake wa pakomponi kuti amulembere, mkazi kumudzi n'kupempha mwana wasukulu kuti amuwerengere, ndipo pofika madzulo mudzi wonse unali utadziwa ndalama zimene zatumizidwa komanso dzina la amene akuganiziridwa kuti akuzungulirazungulira pakhomopo.

Dzina la Wenela linatsalira pa depoti ya mabasi mu Blantyre, ndipo pamenepo sufunika n'komwe kufunsa, anyamata oitanira amakulanda chikwama usanatchule kumene ukupita. Bwalo la ndege lilibe chifundo chimenecho. Kuchoka ku Lilongwe kapena ku Chileka kupita ku London kulibe ndege yolunjika. Uyenera kutsika ku Addis Ababa, ku Nairobi kapena ku Johannesburg n'kusaka ndege yachiwiri wekha, ndipo palibe mnyamata wokuwa kuti, “London, London, watsala m'modzi!” Pali mawu otuluka kudenga, amene ngakhale aphunzitsi a Chingerezi amangotolapo nambala yomaliza. Anthu ali piringupiringu, aliyense akukoka chikwama, makutu atatseka ndi timawaya. Ukalimba mtima n'kuimitsa wovala yunifolomu, amakumwetulira bwinobwino, kenaka n'kukulozera chikwangwani chamagetsi. Wafunsa, wayankhidwa, koma yankholo n'lolembedwa, ndipo pakangotha kamphindi lasintha.

Wina anganene kuti amenewa ndi mavuto a anthu ophunzira, osaphunzira akatani kunja. Ameneyo sanaimepo pamzere wa pabwalo la Kamuzu. Pamzerewo pamakhala agogo aakazi amene aitanidwa ku Manchester kapena ku Dublin kukasambitsa chidzukulu chobadwa kumene, poti kumeneko wolera mwana amalipidwa pa ola. Pamakhala akuluakulu a ku Mangochi opita ku Mecca kukachita Haji, amayi a geni okaoda katundu ku Dubai, ndi achinyamata onga 221 aja amene mu Novembala 2023 ananyamuka kukagwira ntchito m'minda ya ku Israel. Kalembera wa 2018 anapeza kuti mwa Amalawi 10 alionse a zaka 5 kupita m'tsogolo, pafupifupi 3 sadziwa kulemba ndi kuwerenga. Onjezanipo amene anasiyira Sitandade 3, aja amawerenga dzina la sopo koma akaona fomu thukuta lili kamukamu, ndiye muuyang'anenso mzere uja.

Phula limayambira pa dzina. Azakhali anga ena, mayi woti pamsika simungawabere ngakhale K50, ataitanidwa ndi mwana wawo tinakhala nawo pamkeka kudzaza fomu ya viza. Nditawafunsa dzina anandiyang'ana modabwa, poti ndinakula ndikuwadziwa. Pamudzi ndi a Nabanda. Kutchalitchi ali ndi dzina la ubatizo, kubanki ya m'mudzi amalembedwa ndi dzina la malemu amuna awo, pomwe pa chiphaso cha unzika pali dzina la bambo awo, lolembedwa mmene kalaliki analimvera tsiku limenelo. Fomu ilibe nazo ntchito zaulemu. Imafuna dzina la mu pasipoti, chilembo ndi chilembo, ndipo pa tikiti L akakhala pamalo pa R ungathe kubwezedwa pakauntala ndi zikwama zako. Tsiku lobadwa? “Chaka chimene anabwera Kamuzu, chimanga chitauma.” Chakacho tinachipeza, 1958. Mwezi ndi tsiku tinakopera pa chiphaso, iwo n'kumadabwa kuti boma linazidziwa bwanji. Kenaka kusaina. Dzina lawo anali asanaphunzire kulemba, ankachita kujambula: kuyambira pakona, lilime lili panja pang'ono, kukoka mzere uliwonse mmene anauonera. Lero limatuluka lokwera phiri, mawa lotsetsereka. Mwana wawo pafoni ankangoti, “Amayi, musaine mofanana ndi mu pasipoti,” iwo n'kuyankha kuti, “Nanga cholembera cha tsiku limenelo ndi chimenechi?”

Kakhadi kokwerera ndege n'kakang'ono, koma misampha yake ndi yokwanira. Pali nambala ya ndege, nambala ya geti ndi nambala ya mpando, zonsezo zilembo zosakanizana ndi manambala. Munthu akhoza kuzungulira bwalo lonse kusaka geti 34C, chonsecho 34C ndi mpando umene ukumudikira m'ndege imene ikutseka chitseko kwina. Nthawi nazo zilipo ziwiri, yokwera ndi yonyamuka, ndipo wosunga yonyamuka yokha amafika n'kuitsanzika ndege yake pawindo. Wotchi imapandukanso. Addis Ababa ndi Nairobi ali patsogolo pathu ndi ola limodzi, pomwe London ali m'mbuyo ndi maola awiri nyengo yawo yozizira, ola limodzi nyengo yotentha. Apa ophunzira nawo amagwa chagada. Tikiti ikati 00:30 Lachisanu, mwini wake ayenera kukhala pabwalo Lachinayi usiku. Alipo a madigiri awiri amene amatulukira Lachisanu madzulo, suti ili gwa, ndege yawo itafika kale kumene inkapita. Iwowa kuwerenga amatha, kufunsa angathenso, koma munthu wa madigiri awiri safunsa.

Ndiye pali katundu, amene kwa Mmalawi ndiye ulendo weniweniwo, poti kwa mwana sitipita chimanjamanja. Chikwama chimodzi nthawi zambiri amalola makilogalamu 23, ndipo mmenemo muyenera kulowa ufa woyera, usipa, mpunga wa Kilombero, tsabola wa Nali, zovala zizilowa malo akatsala. Malamulo ake alipo, olembedwa bwino, ongosowa wowawerenga. Ku Britain wochokera kuno saloledwa kulowetsa nyama kapena za mkaka, koma nsomba zouma amalola mpaka makilogalamu 20. Ndiye kuti usipa uli ndi viza, nyama yowamba ilibe. Potuluka pali khomo lobiriwira la amene alibe choulula ndi lofiira la amene ali nacho, ndipo wosadziwa amangotsata kumene kukulowera anthu ambiri, mang'ina a mbuzi ali phee pakati pa zitenje. Botolo la mafuta odzola lopitirira mamililita 100 m'kachikwama ka m'manja limatsala m'mabwalo ambiri, ngakhale ulilirire chotani.

Zimenezi timaseka poti zimathera pa botolo la mafuta. Pali phula lina losatuluka m'mimba. Mu Malichi 2024 a BBC anaulutsa nkhani ya amayi a ku Malawi amene analonjezedwa ntchito zabwino ku Oman, n'kukapezeka ali pa ukapolo m'nyumba za anthu, mapasipoti atalandidwa. Opitirira 50 anabwerera mothandizidwa ndi gulu la pa WhatsApp. Sikuti onsewo anali osaphunzira, ayi. Koma taonani mmene mwambi wathu umagonjera pa nkhani zotere. Ambiri oyenda maulendo amenewa amafunsa ndithu. Amafunsa yemweyo wawapezera ntchitoyo, ndipo amayankhidwa mokoma. Wakuba wa masiku ano amakonda wofunsa, chifukwa yankho la pakamwa silisiya umboni. Pepala la mgwirizano wa ntchito ndilo liyenera kunena malipiro, maola ogwira ntchito, wosunga pasipoti, ndi wolipira tikiti ukafuna kubwerera. Amene angapeze mizere imeneyi yekha, kapena kuona kuti mulibe, wavuta kumunyenga. N'chimodzimodzi mlendo wa nkhope yaulemu wopempha kuti, “Mundinyamulireko kaphukusika, akakalandira mukatsika.” Iye amatsala akumwa tiyi, ndende amakalowa wonyamula.

Ana athu a kunja, poti ndi ochenjera, anapeza njira yachidule. Pogula tikiti amapempha kuti amayi akawakankhe pa njinga ya anthu aulumali. Mayi amene dzulo lake analima mpaka dzuwa kufika paliwombo lero akukankhidwa kudutsa mizere yonse, nkhope ataikonza kuti ioneke yodwalika. Njirayi imagwira ntchito, sindikana, koma imathera pakhomo la bwalo la ndege. Viza ya alendo ku Britain ndi ya miyezi 6, ndipo miyezi imeneyo ndi yaitali kwa munthu amene sangawerenge nambala ya basi, dzina la msewu kapena mlingo wa mankhwala a khanda. Ana ali kuntchito, oyandikana nawo sadziwika n'komwe ngati alipo, agogo amangokhala pawindo kuwerenga magalimoto.

Legson Kayira, mnyamata wa kumpoto amene anaphunzira ku Livingstonia, ananyamuka wapansi mu 1958 akuti akupita ku America. Miyendo inamufikitsa ku Kampala, koma chimene chinamuolotsa nyanja ndi buku la mayina a makoleji limene anapeza m'laibulale kumeneko, ndi kalata imene analemba yekha kupita ku Skagit Valley College. Anafikako mu 1960. Timakonda kutama mapazi ake, za kalatayo timaiwala.

Pulogalamu ya dziko lonse ya sukulu za kwacha inakhazikitsidwa mu 1986, ndipo amene amadzaza makalasi ake ndi amayi. Abambo ali ndi nthenda yawo yotchuka: aiwala magalasi. Kubanki aiwala magalasi, kuchipatala aiwala magalasi, ndipo magalasiwo palibe anawaonapo, ngakhale akazi awo. Munthu wotere simungamukoke ndi phunziro la kusamba m'manja kapena kukumba dzenje la zinyalala, adzati mukumuyesa mwana. Koma tamuuzani kuti Lachitatu masana kuli phunziro la kudzaza fomu ya pasipoti ndi kuwerenga tikiti ya ndege, muone ngati safika woyamba. Za ndege palibe amachita nazo manyazi. Ngakhale amene ulendo wake wautali ndi wa ku Mwanza amalota, ndipo zimene angatole pamenepo, kulemba dzina m'zilembo zikuluzikulu, deti, nthawi ya maola 24, kusiyanitsa nambala ndi inzake, ndi zomwezo zimene zimafunika pa uthenga wa Mpamba kapena Airtel Money ndi pa risiti ya fetereza.

Zipangizo zake sizidikira thandizo la kunja. Kakhadi kakale kokwerera ndege kakhoza kudyetsa kalasi mlungu wathunthu. Mphunzitsi ajambule pabolodi chikwangwani cha ndege zonyamuka, azifufuta geti n'kulemba ina anthu akuyang'ana kumbali, kuti azolowere nkhanza zake. Mabenchi alembedwe 12A, 12B, aliyense asake pake. Mmodzi akhale wofunsa wa pachipata, nkhope atakwinya, aziti, “Mukukakhala kuti? Masiku angati?” Wophunzira atulutse kapepala kamene walembapo yekha adiresi ndi nambala ya mwana wake, poti foni imatha moto nthawi imene ukuifunitsitsa. Kuwerenga kuyambe m'Chichewa, chifukwa zilembo zimalowa msanga m'chinenero chimene munthu amakalipira nacho ana. Mawu a Chingerezi a pa zikwangwani abwere pambuyo, ndipo si ambiri, akhoza kulowezedwa kupalira kusanathe. Phunziro lomaliza likhale kulemba uthenga wa mizere iwiri: ndafika ku Nairobi, ndege yachedwa, musadandaule.

Inu amene muli kunja ndipo mukusonkha ndalama ya tikiti ya amayi, pasipoti ndi viza sizituluka tsiku limodzi, ndiye miyezi yodikirayo isapite pachabe. Tumizani kaye ya kope ndi pensulo, ndipo wina kumudzi akafunse kwa alangizi a chitukuko cha m'madera kumene kalasi yapafupi imakumana. Makhadi akale okwerera ndege amene mwasunga m'Baibulo aja, fufutanipo dzina, mukabwera mudzapereke kwa mphunzitsi wa sukulu ya kwacha ya kwanu.