Ulemu kwa Mfumu Yogwirizira Kalasi

Tengani K20 yapepala muitembenuze. Kumaso kwake kuli Inkosi ya Makhosi M'mbelwa II, kuseri kuli nyumba ya koleji yosula aphunzitsi. Dziko lino litaganiza zolemekeza uphunzitsi, linasankha ndalama yapepala yochepetsetsa pa zonse, ija imene masiku ano ngakhale kondakitala wa minibasi amachita nayo manyazi pobweza chenji. Sindikudandaula ayi. Aphunzitsi a pa peyirolo ulemu wawo analandira, ndipo pa 5 Okutobala chaka chilichonse amavala nsalu zofanana n'kukamvetsera malonjezo padzuwa. Amene ndikufuna timuwombere m'manja lero ndi uja sakwana ngakhale pa K20 pomwepo: mphunzitsi wogwirizira, munthu wolowa m'kalasi ya eni, eniwo akapita kwina.

Tiyambire pa momwe amalongedwera ufumu. Akuluakulu ena a boma amadikira kuti komiti ya ku Nyumba ya Malamulo iwafunse mafunso isanawavomereze. Ena amalemba makalata, kukasindikiza masatifiketi, kudikira dzina lituluke m'nyuzipepala. Wathuyu zonsezo n'zachibwana kwa iye. Udindo umamupeza yekha, ali m'dimba kapena akutsuka mkamwa, kudzera mwa kamwana kothamanga kopanda nsapato: "Akuti ahedi mubwere msanga, a Sitandade 3 apita kumaliro." Basi, mpando wakhala. Palibe intavyu, palibe kalata, palibe ngakhale funso loti wadya kapena ayi. Ndi maudindo angati m'Malawi muno amene amasaka munthu chotere?

Ndipo mwayi wolongedwa susowa, chifukwa mwini kalasi ali ndi zambiri zomuchotsa pabolodi. Lero maliro, mawa msonkhano ku TDC, malo okumanirako aphunzitsi a m'zoni. Mwezi ukatha ayenera kukwera njinga kupita kuboma kukaona ngati malipiro alowa, ndipo ngati sanalowe abwereranso mkuja. Nyengo ya mayeso a MANEB amakayang'anira olemba, chaka cha chisankho amakalemba mayina a ovota, madamu ena ali patchuthi cha uchembere. Zonsezi n'zoyenera. Koma zimatheka chifukwa kwinakwake kuli mnyamata wa MSCE, kapena mayi wopuma ntchito, kapena womaliza maphunziro a uphunzitsi amene boma silinamukumbukire, woti akaima pakhomo ana asamwazike.

Muoneni akulowa. Ana oposa 100 ali pansi, miyendo itapingasana, mpata wotsala ndi kanjira koonda ka kubolodi. Unduna umafuna kuti mphunzitsi mmodzi akhale ndi ana 60, koma wogwirizira ndi munthu wamkulu, sangapatsidwe kagulu kochepa choncho. Onse amadzuka nthawi imodzi n'kumulonjera m'Chingerezi chokoka, mawu aliwonse atatalikitsidwa mpaka kutopa, kenako amakhala chete kwa kamphindi. Musanamizike, si ulemu umenewo. Akumuyeza. Akuona nsapato, akuona ngati kolala yapsa ndi simbi, akumvetsera ngati mawu akunjenjemera. Amayang'anidwa ngati mkamwini wofika kumene, amene mudzi wonse ukudikira kuona kagwiridwe kake ka khasu m'munda woti si wake. Pofika buleki amakhala atapatsidwa kale dzina, ndipo dzinalo adzalimva patapita zaka, kumsika, kuchokera kwa munthu wandevu.

Kenako rejisitala, ngati mwini wake anakumbuka kuisiya. Apa mpamene wogwirizira amachita chozizwitsa chimene mwini kalasi sangachite: kalasi yonse imapezeka ilipo. Aliyense amene dzina lake latchulidwa amayankha "Pulezenti sala!", ngakhale uja ali kudimba akuingitsa mbalame, ngakhale uja anasamukira ku Mchinji teremu yatha. A Chisomo alipo asanu ndipo onse amayankha kasanu. Mphatso lero ndi Chikondi, Chikondi ndi Yamikani, ndipo monitala, amene akanaulula, walonjezedwa chigumu. Mabungwe akhala akulimbana ndi vuto la kujomba kwa ana kwa zaka zambiri. Sadziwa kuti wogwirizira amalithetsa m'mawa umodzi.

Tsopano aphunzitse chiyani? Mabuku ali m'kabati, kabatiyo n'njokhoma, kiyi ali m'thumba la mwini kalasi kumaliro kuja. Sikimu ndi pulani zili m'chikwama chomwecho. Akafunsa kuti "Munalekezera pati?", amalandira mayankho onga a pamsonkhano wa ndale. Akutsogolo akuti kuchotsera, apakati akuti kuchulukitsa, akumbuyo akulumbira kuti dzulo aphunzitsi ananena kuti lero n'kuimba kokhakokha. Munthu wamba akanathawa. Wathuyu amatola kachidutswa ka choko pawindo, n'kutuma ana awiri kukatola zitsekerero za mabotolo ndi timiyala, phunziro la masamu n'kuyamba.

M'makoleji a aphunzitsi muli chiphunzitso chotchedwa TALULAR, chonena kuti mphunzitsi aziphunzitsa pogwiritsa ntchito zinthu zopezeka m'dera lake lomwelo, osadikira zogula. Ena amachiloweza kuti akhoze mayeso. Wogwirizira ndiye chiphunzitsocho chikuyenda ndi miyendo, pakuti iye mwini ndi chinthu chimene ahedi anachitola pafupi, chosagula.

Palinso lamulo lalikulu la m'kalasi, loposa malamulo onse a unduna, ndipo limanenedwa ndi kamtsikana ka kutsogolo kokweza dzanja mwaulemu: "Aphunzitsi athu satero." Akalemba deti kumanja, aphunzitsi athu amalemba kumanzere. Akachonga ndi cholembera chabuluu, aphunzitsi athu amachonga ndi chofiira. Akati awerenge mmodzimmodzi, aphunzitsi athu amati tonse pamodzi. Tsiku limodzi lokha wogwirizira amadzudzulidwa kambiri kuposa momwe PEA, mlangizi woyendera sukulu, amadzudzulira zoni yonse pa teremu, ndipo amalandira zonsezo osalipira kalikonse. Kodi alipo wina amene amaphunzitsidwa kudzichepetsa mwaulere chotere?

Ntchito yake yeniyeni, tikanena zoona, ndi uweruzi. Milandu imayamba asanamalize kulemba mutu wa phunziro. "Aphunzitsi, uyu wanditsina." "Aphunzitsi, wandibera lezala." "Sala, uyu akuti amayi anga amagulitsa usipa woola." Pali mlandu wa pensulo imodzi yokhala ndi eni ake atatu, aliyense ndi mboni zake, aliyense akuloza pamene anailuma. Pali mlandu wa mpweya woipa umene watulukira pakati pa kalasi, woimbidwa mlandu akukana ndi misozi, anzake atatseka mphuno ndi malaya. Majaji a ku High Court amaimitsa mlandu kwa miyezi. Uyu amagamula ataimirira, choko chili m'manja, osadziwa dzina la wodandaula kapena la wodandaulidwa. Chikwapu unduna unaletsa. Chibalo chotchetcha udzu akhoza kupereka, koma ana akudziwa kuti mawa kulibe woti adzaone ngati udzuwo watchetchedwa. Amalamulira ndi diso ndi mmero basi, ndipo mmerowo umatha isanakwane 10 koloko.

Pakati pa milanduyo pamadutsa mzere wa opempha kukataya madzi. Akaloleza mmodzi, chikhodzodzo cha kalasi yonse chimadzuka. Akakaniza mmodzi, amasankha ndendende uja amene amanena zoona, ndipo zotsatira zake zimafuna chikolopa.

Mdani amene sangamugonjetse ndi phala. Chiyambire pamene Mary's Meals inayamba kudyetsa ana m'Malawi mu 2002, ndi mabungwe ena ochita zomwezo, m'sukulu zambiri muli ola limene mphunzitsi aliyense amasanduka wopanda pake. Utsi ukangoyamba kutuluka kukhitchini, makapu apulasitiki amayamba kulira pansi, mitu yonse yatembenukira kuwindo. Mwini kalasi amaidziwa nthawiyo ndipo amapewa kuyamba zovuta. Wogwirizira, mwa kulimba mtima kwake, ndi pomwe amayamba kufotokoza kugawa kotsala. Belu likalira, lija la limu ya galimoto yopachikidwa pamtengo, amatsala yekha ndi bolodi, akumalizitsa chiganizo kwa makoma. Ndimamulemekeza chifukwa chiganizocho amachimalizadi.

Koma madalitso ake aakulu ali pa nkhani ya ndalama, ndipo apa a pa peyirolo ayenera kumuchitira nsanje. Wogwirizira sadzuka m'bandakucha kukaima pamzere wa kubanki. Sadziwa kupweteka kwa mtima kobwera ndi pepala la malipiro lodzaza ndi zodula. Akatapila samusaka, chifukwa akatapila ndi anthu anzeru, sakongoza munthu wopanda tsiku lolandira. Ma ariyasi samusowetsa tulo. Pamene a bungwe la aphunzitsi la TUM anaitanitsa sitalaka mu 2021 pofuna alawansi ya chiopsezo cha Covid-19, iye analibe choti anyanyale, poti sungaleke kulandira chimene sulandira. Chake ndi mawu okoma a komiti ya sukulu: "Aphunzitsi, tikuonani makolo akasonkha." Makolo amasonkha akakolola. Akakolola, pamagwa chimbudzi cha ana aakazi, ndipo ndalama ija imapita ku simenti. Kumidzi ina amamupatsa ndowa ya chimanga, imene ndi ndalama yabwino kuposa kwacha, chifukwa sigwa mphamvu pokhapokha anankafumbwe atalowerera.

Kumawekishopu samuitana, choncho sadwala matenda a fanta ndi masamusa. Iye ndi amene amachititsa kuti ena apite. Anzake akabwerako ndi zikwama zatsopano ndi njira zatsopano zophunzitsira kuwerenga, amamufotokozera mwachidule pakhonde, ngati akumbuka.

Wina asaganize kuti ufumu umenewu ndi wa dzulodzulo. Uli ndi mbiri. Mu 1994, boma la Bakili Muluzi litachotsa fizi ku pulayimale, chiwerengero cha ana chinalumpha kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Ana anadzaza m'makalasi, m'matchalitchi ndi pansi pa mitengo ya mango. Boma linalemba anthu pafupifupi 20,000 osaphunzira uphunzitsi, kuwaonetsa njira kwa masabata ochepa n'kuwapatsa choko. Pulogalamu ya MIITEP inadzayamba mu 1997 kuti iwasule ali kale pantchito. Mu 2005 kunabwera pulogalamu ina yosula aphunzitsi ya IPTE, ndipo makoleji onga a Kasungu, Karonga, Lilongwe ndi Blantyre anayamba kutulutsa aphunzitsi osulidwa bwino chaka ndi chaka. Apa ndiye tinaonetsa luso lathu ngati dziko. Kale tinali ndi aphunzitsi olembedwa ntchito koma osaphunzira. Tinakonza vutolo, tsopano tili ndi ophunzira koma osalembedwa ntchito, odikira zaka kuti dzina lituluke. Sukulu zitatsegulidwanso pambuyo pa kutsekedwa kwa mu 2020, ambiri a iwo anaitanidwa ngati aphunzitsi othandizira, a kanthawi kochepa. Ndiye kuti wogwirizira wa masiku ano nthawi zina amakhala ndi satifiketi yatsopano kuposa ya mwini kalasi. Timagwiriziritsa akatswiri ife, si masewera.

Akuluakulu anati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo pena zimachitikadi. Chifukwa sadziwa mwana aliyense, wogwirizira amayang'ana onse. Amaona kamnyamata ka pakona kamene kope lake n'laukhondo, zilembo zoongoka bwino, koma ukakalozera liwu limodzi kuti kawerenge kamangoyang'ana pansi: kakhala kakujambula zapabolodi zaka zitatu osadziwa kuti zimalankhula. Amaona kamtsikana kotsinzinira diso limodzi poyang'ana bolodi, n'kukasuntha kukaika kutsogolo, tsiku limenelo n'kukhoza masamu onse. Mwini kalasi akabwera, wathu uja amamufotokozera ndi chimwemwe cha munthu wotola ndalama panjira. Yankho limakhala lalifupi: "Timawadziwa amenewo." Mawa lake kamtsikana kaja kabwerera kumbuyo, poti malo akutsogolo ali ndi eni ake. Sindikuimba mlandu mwini kalasi. Munthu wosenza ana 100 chaka chonse maso amatopa. Ndikungosirira mwayi wa wogwirizira, amene amaloledwa kuona vuto koma osavutitsidwa ndi mpata wolikonza.

Ntchito yake yomaliza amaigwira iye kulibe. Zotsatira za PSLCE zikatuluka ana n'kusankhidwa kupita kusekondale, mbuzi imaphedwera aphunzitsi a Sitandade 8, ndipo ahedi amalankhula pa asembule. Zikavuta, pamsonkhano wa makolo pamafunika munthu woti asenze mlandu popanda kukhumudwitsa aliyense wokhala pabenchi. "Ana amenewa anasokonezeka nthawi ija anali ndi wogwirizira." Onse amagwedeza mitu, mtendere n'kubwerera pasukulu. Munthu amene anakhala m'kalasi masabata awiri amapezeka kuti ndiye anaumba tsogolo la ana a zaka zisanu ndi zitatu za sukulu. Ndi mphunzitsi uti wina amene mphamvu zake zimavomerezedwa chotere?

Tsono sindipempha kuti alembedwe ntchito, tingamuwonongere ufulu. Sindipempha mendulo, alibe jekete loti aipachikepo. Pempho langa likupita kwa inu eni makalasi, ndipo ndi laling'ono. Pitani kumaliro, pitani kubanki, pitani ku TDC, ana anu awasunga. Koma musananyamuke, chonde siyani kiyi wa kabati kwa ahedi, ndipo lembani pakapepala tsamba limene munalekezera.